Rimoti Imene Inaimitsa Kafue Yense

Ba Mweemba, mwayamba kale kuseka ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa? Sekani, mano ndi anu, koma musunthe pabenchipo kuti a Tembo amve bwino, chifukwa iwo ndiwo afunsa funso la nzeru, loti munthu akafuna rimoti imodzi yolamulira zonse za pabalaza asankhe yotani, ndipo m'Kafue yense muno, kuyambira pamlatho mpaka ku Shimabala, palibe wina amene angayankhe funso limeneli koma ine Phiri, amene ndinagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu osagundanitsa ngolo ngakhale imodzi. Amene akuti ndimanama aimirire pompano, apite kumsika akafunse azimayi a kapenta, aone ngati sakamuthira madzi otsukira nsomba. Palibe woimirira? Chabwino. Siyani kaye nsoloyo.

Chaka chimenecho mwana wanga Tisa anamaliza maphunziro a unamwino ku Lusaka. Khadi yolowera kumwambo inabwera imodzi chabe, ya kholo limodzi, ndipo inu nonse mukuwadziwa akazi anga Amake Tisa, munthu sungakangane nawo pa khadi n'kutsala ndi makutu onse awiri. Ndinawasiyira. Koma Lachinayi mwana anandiimbira foni n'kuti, "Adadi, mwambo wonse auonetsa pa tivi Loweruka, mayina ayamba kuitana fifitini awazi, 3 koloko masana. Akanditchula dzina ndidzakupangirani chizindikiro, chanu nokha, ndipo madzulo ndidzaimba kuti mundiuze chimene ndinachita. Mukalephera ndidzadziwa kuti munali kubawa." Ine ndinalumbira, dzanja pamtima, kuti ndidzaonera pa tivi yathu yomwe, ya m'nyumba imene iye anakuliramo. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndi nsapato imodzimodzi zaka zisanu, soli itabooka ndikuikamo katoni, ndiye mukuti tsiku lake limodzi lindipite? Awe.

Manje vuto linali ili. M'nyumbamo munali apongozi anga a Nabanda, amake a Amake Tisa, amene anachokera ku Katete kudzaonetsa mwendo kuchipatala kwa masabata awiri, ndipo uwu unali mwezi wachitatu, ine ndikuona ngati mwendo unapola kalekale. Inu obadwira m'tauni simudziwa, koma kwathu mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi ake, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo mwachindunji, mukakumana panjira iwe umapatukira kutchire. Nanga m'nyumba ya zipinda ziwiri tchire ulipeza kuti? Ndiye ine, mwini nyumba, ndinasamukira pakhonde, nshima ndikudyera kuseri pafupi ndi khola la nkhuku, kuchipinda ndikulowera khomo la kukhitchini chozemba ngati wakuba, uthenga uliwonse ukudutsira mwa Amake Tisa. Apongoziwo anatenga sofa yaikulu ya pabalaza, mphaka wathu Pusi atagona pamapazi pawo, n'kumaonera mafilimu a mfiti ndi akazi olimbirana mwamuna kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Marimoti athu onse atatu, ya tivi, ya dikoda ndi ya masipika, iliyonse yokulungidwa m'pulasitiki wa buledi kuti isade, anawamanga pamfundo ya chitenje pamodzi ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Tchanelo ankawaikira ndi mwana wawo m'mawa uliwonse, ndipo tonse tinkadziwa kuti iwo batani limene amalidziwa ndi limodzi lokha, lokwezera mawu.

Loweruka Amake Tisa anakwera minibasi yoyamba, atavala duku latsopano, n'kuiwala kusintha tchanelo. Ine ndinazindikira pamene ndinamva mfiti ikuseka pabalaza. Ndinawaimbira foni, siikuyankhidwa, ili pansi pa chikwama. Kubawa Loweruka ndi mpira, ukasintha tchanelo amakunyamula ndi mpando womwe. Dishi ya aneba inagwa ndi mphepo, nkhuku zinali kumweramo madzi. Kutuma munthu kuti akauze apongozi kuti mkamwini wanu akuti musinthe? Ine kulamula apongozi? Kunali bwino ndikagone panjanji. Ndinakhala pakhonde mutu uli m'manja, kenako nzeru inandimenya: ngati ine sindingalowe pabalaza, dzanja langa lingalowe ndili panja. Ndinavala shati yanga yoyera ya Lamlungu n'kuuyamba wa kumsika.

Kuseri kwa azimayi a kapenta kuli kashopu ka Bana Chanda, mayi wa Chibemba wogulitsa mawaya, matochi ndi machaja. Atandiona ndikupuma wefuwefu anati, "Shani, ba Phiri, akukuthamangitsani ndani?"

"Mwambo," ndinatero. "Ndipatseni rimoti yomvera zonse, yoti munthu ali panja n'kumalamula za m'nyumba."

Anakhuthula katoni patebulo, marimoti mbwee, ena kugwera pansi, ndipo apa, a Tembo, ndi pamene mutsegule makutu, chifukwa kusankha rimoti si kusankha tomato. Choyamba werengani zinthu zimene muli nazo pabalaza. Anandipatsa kaching'ono kokongola, ndikafunsa akuti kamamvana ndi tivi yokha, ndinakabweza, chifukwa tchanelo imakhala mu dikoda, tivi ndi galasi chabe. Anandipatsa ina yanzeru, yophunzira, akuti umaigunditsa mphuno ndi mphuno ndi rimoti yakale, n'kumadina batani limodzilimodzi, iyo n'kumaloweza ngati mwana wa sukulu. Ndinati mayi, marimoti akalewo ali m'chiuno mwa apongozi anga, mukufuna ndikagunditse mphuno kumeneko, mundiphetsa! Anati ilipo ina yoika mufoni, ndinatulutsa foni yanga ya mabatani, anaiyang'ana n'kupepesa. Ina inali ndi timabatani ting'onoting'ono, chala changa ichi cha njanji chikadina kamodzi chikudina tinayi. Ndinapinda malaya, ndinalowetsa mkono mpaka pansi pa katoni, ndipo kumeneko, pansi penipeni, ndinaigwira: yakuda bii, yaitali ngati chisononkho cha chimanga, mabatani akuluakulu oti ngakhale wovala magolovesi adina, pamwamba mabatani anayi, la tivi, la dikoda, la masipika, ndi lina lapadera la chimene udzagule mtsogolo. Ndinangoinyamula, tsitsi la pamkono linaimirira.

Inabwera ndi kabuku ka manambala kopindapinda. Bana Chanda anandilangiza kuti upanikize batani lapakona mpaka kanyali kofiira kayake, upeze dzina la tivi yako m'kabukumo, ulowetse nambala yake, basi zamvana. Ngati dzinalo mulibe, uziyesa manambala onse imodziimodzi mpaka chinthucho chitamvera. Tsono tivi yanga dzina linafufutika kalekale, Amake Tisa amaipukuta katatu patsiku, panangotsala chilembo chimodzi, ndipo dikoda dzina lake linaphimbidwa ndi kandulo amene anasungunukirapo. Ndinati palibe kanthu, ndiyesa onse. Mayi uja anatulutsa mabatire m'dirowa, anaika, analoza kativi kake ka pashelefu, kanazima, kanayakanso, kenako anachotsa mabatire ake n'kuti awa ndi oyesera. Ndinagula anga awiri atsopano, ndinaponya m'thumba la shati, n'kutuluka chothamanga.

Koma munthu wanyamula mphamvu yotere m'manja, ungafike nayo kunyumba osailawako? Nditangofika pakati pa msika ndinalowetsa nambala yoyamba, ndinatambasula mkono, ndinadina batani lotseka mawu. Zii! Mukumva? Msika wonse wa Kafue, Loweruka masana, zii! Azimayi awiri amene ankalimbirana kasitomala milomo ikungoyenda, manja akuuluka, mitsempha ya pakhosi itatupa, mawu osatuluka, mlaliki wa chimkuzamawu akudumpha ngati waponda moto koma phee, tambala atatambasula khosi n'kutsala akudabwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimangireni msikawo anthu anamva ntchentche ikutera pansomba. Bambo wina wa njinga anandigwadira, kulankhula ndi manja kuti andipatsa mbuzi ndikangomubwereka rimotiyo usiku umodzi apite nayo kunyumba kwake. Ndinamumvera chisoni koma ndinakana. Nditadinanso kuti mawu abwerere, mawu onse amene anaunjikana aja anatuluka nthawi imodzi, matukwano, mitengo ya kapenta, aleluya ndi kokoliriko, phokoso lake linasasula malata atatu a shedi ya tomato, anauluka mpaka ku Chanyanya, ndipo mpaka lero asodzi akuyanikapo nsomba.

Ndinathamangira kusiteshoni kuti ndidutse njanji, ndinapeza sitima ya katundu yatseka njira, yaitali, mutu uli pano mchira sunawoloke n'komwe mlatho, ikuyenda ngati ikupita kumaliro. Ine zaka makumi atatu ndinkaimitsa sitima ndi mbendera, ndi mluzu, ndi kukuwa, thukuta kamukamu, ndipo tsiku limenelo ndinangokweza chala chimodzi n'kudina batani loimitsa. Gwa! Sitima njii, utsi wake njii m'mwamba, mbalame imene inkadutsa pamwamba njii mapiko ali tambasu, ndipo dalaivala, amene ankathira tiyi kuchokera mufulasiki, tiyi wake anangoti lende pakati pa fulasiki ndi kapu. Ndinakwera pamutu pa sitimayo, ndinamwako tiyi wolendewera uja chifukwa kukhosi kunali kutauma, shuga anali wochepa, ndinatsikira mbali inayo, n'kuimasula ipite. Dalaivala ameneyo mpaka lero salankhulana ndi mnzake wa m'sitima, amati ndiye anamumwera tiyi.

Pamsewu waukulu minibasi yochokera ku Lusaka inatsala pang'ono kundiphwanya, kondakitala ali lendelende pakhomo, n'kunditukwana ine, munthu wa shati yoyera. Mtima unandipsa. Ndinadina lobweza m'mbuyo. Abale anga, minibasi inayamba kubwerera chammbuyo liwiro lomwelo, kondakitala akumeza matukwano ake limodzilimodzi, fumbi likubwerera pansi, mpaka ku Shimabala, ndipo mayi wina amene ankadya chimanga chootcha anaona njere zikutuluka m'kamwa n'kumakhala pachisononkho, chimanga chinatulukira pazenera, chinagwera pambaula ya wogulitsa, chinasanduka chachiwisi, chinavala makoko ake n'kubwerera kumunda kukadzipachika paphesi. Ndinachita manyazi, pajatu munali azimayi ndi odwala, ndiye ndinadina lopititsa kutsogolo kuti ndikonze, koma chala changa n'cholemera, ndinapanikiza kwambiri. Minibasi inadutsa pa Kafue osaoneka, inangomveka fyuu, inakaima kutsidya kwa mlatho kondakitala ali ndi ndevu za imvi, mayi amene anakwera ndi pakati anatsika ndi mwana wofunsa yunifomu, ndipo minda ya ku Shimabala imene anabzala sabata yomweyo inamera, inachita ngayaye, inauma, anthu akungoyang'ana makasu ali m'manja. Ba Mweemba, mukupukusa mutu, koma chaka chimenecho ufa munagula wotchipa, munathokoza ndani?

Pamenepo ndinayang'ana wotchi. Mayo ine! Kwatsala mphindi khumi kuti fifitini awazi ikwane, ine ndataya nthawi kusewera ndi maminibasi, kunyumba sindinafike, nambala ya tivi sindinaipeze. Ndinakwera pachulu chija cha kuseri kwa tchalitchi, ndinayang'ana kumene kuli Lusaka, ndinagwira rimoti ndi manja awiri n'kudina loimitsa. Lusaka yense njii. Mlendo wolemekezeka amene ankalankhula pamwambo wa anamwino anatsala kukamwa kuli yasa pakati pa liwu, ndipo ngati mukuti ndikunama kafunseni Amake Tisa, amene sanandivomerezepo kanthu chikwatirane, amanena okha kuti bambo ameneyo analankhula ngati sadzamaliza. Tsoka ilo, ndeke ina imene inkadutsa inakodwa nawo, inangoti lende pamwamba pa mtengo wa mango wa kusukulu, woyendetsa anatsegula zenera n'kukuwa kuti ba Phiri, tichitireni chifundo, tanyamula anthu. Ndinamuuza kuti adikire, inenso ndili ndi mwana.

Kunyumba ndinazungulira kuseri, chokwawa, mpaka pansi pa zenera la pabalaza, pamene apongozi analimapo kabedi kawo ka ndiwo za repu. Ndinagwada m'menemo. Kudzutsa mutu sindikanatha, chifukwa maso anga akanakumana ndi awo, ndiye ndinangokweza mkono pamwamba pa zenera, n'kulowetsa mphuno ya rimoti pakampata ka katani, mutu uli pansi, kabuku kali pabondo, n'kuyamba manambala. Dzuwa linali lowala kwambiri moti kanyali kofiira kaja sindinkakaona, koma mphamvu yake ndinkaimva ikuyenda mumkono mpaka m'mano. Vuto n'lakuti ndinkaloza mosaona, ndiye mphamvuyo inkaphonya tivi, n'kugunda galasi la kabati ya mbale, n'kunjanja, n'kutulukira pakhomo kupita kumene yafuna. Nambala ina inakagwera mumtsinje, Kafue anasintha tchanelo, asodzi a ku Chanyanya anavuula maukonde odzaza nsomba zouma kale, zothira ndi mchere womwe. Ina inakweza mawu a mvuu, inalira kamodzi kokha, mango onse osapsa a m'tauni muno anayoyoka. Ina inali yosintha mtundu, ndipo ng'ombe yanu ija ya mawanga, Ba Mweemba, mukuganiza kuti inabadwa choncho? Inali yakuda ija, ndinaiona ndi maso anga Lachisanu lake.

Ndinadina, ndinadina, kabuku kakufunyululuka, kanadutsa bedi la repu, kanadutsa khola la nkhuku, kanakafika pampanda wa aneba, chala chinayamba kufuka utsi, ndinachiviika m'madzi a nkhuku chinangoti tsii, n'kupitiriza ndi chinzake, koma m'nyumba mfiti ikungoseka, akazi awiri aja akungolimbirana mwamuna wawo wopanda pake. Ndipo Lusaka ndi mzinda waukulu, sungaugwire nthawi yaitali, ndinkaumva ukupulumuka pang'onopang'ono, ndeke ija inayamba kusuntha. Apa ndisakunamizeni, ndinachita mantha. Sindinaope sitima, sindinaope mvuu, koma ndinaopa foni ya madzulo, mwana wanga akufunsa kuti Adadi ndinachita chiyani, ine kukamwa kuli gwa, iye n'kunena kuti palibe kanthu Adadi, mawu atazizira. Tisa sakalipa, amangoti palibe kanthu, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa mbama. Panatsala nambala imodzi yokha, pansi penipeni pa pepala, pamene nkhuku inali itajompha kale. Ndinatseka maso, ndinatchula mayi anga amene anagona ku Chadiza, n'kudina ndi zala zonse ziwiri.

Mfiti inadukiza kuseka pakati. Zii. Kenako ndinamva malipenga a bandi, ndi nthungululu za azimayi ambirimbiri.

Ndinadzutsa mutu pang'onopang'ono, diso limodzi kaye. Mukumva zimene rimoti ija inachita? Katani yonse inali itakokeredwa pambali n'kumangidwa mfundo bwinobwino. Tivi, imene chiigulireni inkayang'ana kusofa, inali itatembenuka pamodzi ndi tebulo lake n'kuyang'ana pazenera, kumaso kwanga kwenikweni. Pasofa panalibe munthu. Apongozi anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo tambalale, atafulatira zenera, akuonera chithunzi cha tivi m'galasi la kabati, Pusi ali pambali pawo. Ndipo pa tivipo anamwino ali ndandanda, oyera mbee, akuitanidwa mmodzimmodzi, mpaka ndinamva dzina limene ndinalisankha ndekha kuchipatala cha kuno tsiku limene anabadwa.

Anayenda bwino mwana wanga, mutu uli chilili. Analandira pepala lake, anagwada pang'ono monga tinamulerera, kenako anatembenuka, anayang'ana mu tivi mwenimweni, pabedi la repu pamene ndinali, anatambasula dzanja lamanja n'kulitsitsa ndi kulikweza kawiri, pang'onopang'ono. Anthu a ku Lusaka ankaganiza kuti akupereka moni. Chimenecho ndi chizindikiro chimene ndinkapatsa madalaivala ndi mbendera yobiriwira, chowauza kuti njira ili bwino, pitani, ndipo iye ankachiona ali kumsana kwa amake pamene ankadutsa pasiteshoni kupita kumsika. Ine Phiri, amene ndinaimitsa sitima ndi chala, ndinalira. Sindinalire mwaulemu ayi, ndinalira mokweza, mamina ndi misozi pashati ya Lamlungu, nkhuku zonse zinathawira kwa aneba.

Ndili mkati molira ndinamva apongozi akutsokomola, kenako analankhula, osatembenuka, maso ali pamphaka.

"Iwe Pusi, kawauze a panjawo kuti mwana wakhoza, apukute m'maso aone bwino, sanamalize kumuonetsa. Koma achotse bondo pa repu wanga."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndili mkamwini wawo, amenewo ndiwo anali mawu oyamba kuponyedwa kufupi ndi ine. Ndinasuntha, ndinadzutsa repu amene ndinamuthyola, n'kuyankha kuti, "Pusi, uwauze kuti bondo lachoka, ndipo mdzukulu wawo watengera kuyenda kwa kwawo." Pusi anangoyasamula. Tinaonera mwambo wonse mpaka kumapeto, iwo m'galasi, ine pazenera, akaimba nthungululu iwo ine ndikuwomba m'manja kunja. Madzulo foni isanamalize kulira kachiwiri ndinali nditayankha kale, ndipo Tisa asanafunse ndinati, "Njira ili bwino, pitani, kawiri, dzanja lamanja." Anaseka, inenso ndinaseka, mpaka mayunitsi ake a foni anatha.

Ndiye mwamva, a Tembo. Chiyani, Ba Mweemba? Lankhulani mokweza, musanong'oneze anzanu. Mabatire? Aaa, Amake Tisa! Mayi ameneuja nkhani ya m'nyumba amakaiyala kubungwe la azimayi ngati zovala pachingwe, ndipo akazi anu ndiwo amakhala kutsogolo. Chabwino, sindibisa, ndine munthu wa choonadi. Inde, Lolemba pochapa shati yoyera ija anapeza mabatire awiri m'thumba, ali m'pulasitiki wake, osatsegula. Inde, atatsegula kumsana kwa rimoti anapeza muli mbee. Amanenanso kuti amayi awo marimoti atatu aja ankawadziwa kuposa ine, ndipo nambala ya tchanelo anaifunsa Lachinayi lomwelo n'kuisunga pamtima, ndiye chifukwa chake Amake Tisa sanavutike n'kusintha m'mawa muja. Anene, pakamwa ndi pawo. Koma inu ganizani ngati anthu akuluakulu: rimoti imene inaimitsa sitima, Lusaka ndi ndeke ilibe kanthu m'mimba, ikanakhala ndi mabatire, Kafue akanatsala? Bwenzi pano tonse tikukhala ku Mazabuka m'matenti. Muzindithokoza kuti ndinaiwala.

Chimene chimandivuta mpaka lero ndi chimodzi chokha. Kabuku kaja ndakawerenga kutsogolo ndi kumbuyo, ndi magalasi ndi opanda magalasi, kufuna batani limene limatembenuza tivi pamodzi ndi tebulo lake, n'kumanga katani mfundo, n'kutsitsa mayi wa mwendo wopweteka pasofa kukamukhazika pasimenti yozizira kuti mkamwini wake aone mwana. Sindinalipeze. Osindikiza analiiwala. Apongozi atanyamuka kubwerera ku Katete ndinawanyamulira chikwama mpaka kokwerera basi, ndikuyenda kumbuyo kwawo patali, ndipo repu wawo ndikuthirira mpaka lero.

Ndiye pitani kwa Bana Chanda, a Tembo, muwauze kuti mwatumidwa ndi Phiri. Werengani zinthu zanu, sankhani yaikulu, ya mabatani oti chala chikwanepo, onani kuti dzina la tivi yanu lili m'kabuku musanachoke pashopu. Mabatire mugule, ndipo inu muwaike ndithu. Apongozi anu sali ngati anga.